Umboni Wokonzedwa: Maganizo pa Chimbale cha Alive! cha Gulu la Kiss

Munthu akabwerako ku gule amene ife sitidapiteko, timamufunsa kuti atiuze m'mene zinthu zidayendera. Iye pofotokoza amasankha. Pamene padakoma amakhalitsapo, pamene woimba ng'oma adaphonya amangodumphapo, ndipo anthu amene anali mazana aŵiri amasanduka chinamtindi chosaŵerengeka. Zonsezi timazidziŵa, komabe sitimutcha wabodza, pakuti chimene tikufuna kwa iye ndi kukoma kwa usikuwo. Koma alipo malire ena amene wofotokoza akaŵabzola timati watinamiza. Kodi malirewo ali pati? Funso limeneli ndilo latichititsa kukhala pansi ndi kumvetseranso chimbale cha Alive!, chimene gulu loimba la ku America lotchedwa Kiss lidatulutsa pa 10 Sepitembala 1975.

Ena mwa oŵerenga athu angadabwe kuona nkhani ya chimbale chaphokoso chotere pamasamba ano. Tiŵapemphe kuti adekhe. Chimbale chimenechi chidagulitsidwa ngati mboni ya zimene zidachitika pamaso pa anthu, ndipo patapita zaka zambiri eni ake adavomera kuti mboniyo adachita kuiphunzitsa zonena. Aliyense amene ntchito yake ndi kuimirira pamaso pa anthu ndi kuŵasimbira zimene iwo sadaone ndi maso ao, nkhaniyi ikumkhudza.

Gulu lake ndi mtundu wa nyimbo zake

Gulu la Kiss lidayamba mu mzinda wa New York kumayambiriro kwa chaka cha 1973. Anali anyamata anai: Paul Stanley ndi Ace Frehley pa magitala, Gene Simmons pa gitala ya besi, ndi Peter Criss pa ng'oma. Pa 30 Januwale chaka chomwecho adaimba koyamba m'kanyumba kena ka zisangalalo ku Queens, pamaso pa anthu osakwana khumi. Posakhalitsa adapangana zoti asamaonekere kwa anthu ndi nkhope zao zenizeni. Aliyense adadzipaka utoto kumaso nadzisandutsa chinthu china: Simmons chiŵanda, Stanley mwana wa nyenyezi, Frehley mlendo wochokera kuthambo, Criss mphaka. Adavala zikopa zakuda ndi nsapato za gogoda zazitali, ndipo pansanja pao pankakhala utsi, malaŵi a moto ndi zophulika. Simmons ankauzira moto kuchokera m'kamwa ndi kulavula madzi ofiira onga magazi.

Mtundu wa nyimbo wotchedwa glam metal udakhwima pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1980, makamaka m'nyumba za zisangalalo za mu mseu wa Sunset Strip ku Los Angeles, ndi magulu monga Mötley Crüe, Ratt ndi Poison. Umadziŵika ndi magitala aukali, makolasi osavuta amene khamu lonse lingathe kuimba nao, ndi amuna a tsitsi lalitali odzola zodzoladzola ndi kuvala zonyezimira. Zambiri mwa zimenezi anyamata a ku Los Angeles adaziphunzira kwa Kiss, ndipo mu 1983 a Mötley Crüe ndiwo ankatsegulira zoimbaimba zina za gululi. Pa 18 Sepitembala chaka chomwecho a Kiss adaonekera pa wailesi ya kanema ya MTV opanda utoto kumaso, nayamba kuimba ndi kuvala monga ophunzira ao aja. Choncho Alive! tingachitche chimbale cha makolo a glam metal, ndipo mphamvu ndi zofooka za mtundu wonsewo zimamveka kale m'menemo.

Chimbale chobadwira m'ngongole

Pofika pakati pa chaka cha 1975 gululi linali litatulutsa zimbale zitatu zojambulidwa m'situdiyo: Kiss ndi Hotter Than Hell mu 1974, ndi Dressed to Kill mu Malichi 1975. Palibe chimene chidayenda malonda kwenikweni. Pa mndandanda wa Billboard, umene umasonyeza zimbale zogulidwa kwambiri ku America, choyamba chidalekera pa nambala 87, chachiŵiri pa 100, chachitatu pa 32. Kampani yao ya Casablanca Records, imene mkulu wake anali Neil Bogart, inali pafupi kugwa itataya ndalama zambiri pa chimbale cha nthabwala za pa pologalamu ya Johnny Carson, chimene anthu sadachigule. Woyendetsa gululi, Bill Aucoin, ankalipira maulendo a oimbawo ndi khadi lake la ngongole.

Chodabwitsa nchakuti kumaholo anthu ankachulukirachulukira. Amene adaona Kiss ndi maso ankabwerako atatengeka mtima, koma akagula chimbale nkukachiika pa galamafoni kunyumba, nyimbo zomwezo zinkamveka zozizira ngati mkute. Nzeru imene idapezeka inali yojambula gululo pamalo pamene linali ndi mphamvu, ndiye kuti pamaso pa anthu. Ntchitoyo adaipereka kwa Eddie Kramer, katswiri wojambula mau wobadwira ku Cape Town, amene adagwirapo ntchito ndi Jimi Hendrix ndiponso adajambula nao chikondwerero cha Woodstock mu 1969. Zoimbaimba zinai zidajambulidwa: ku Cobo Hall mu mzinda wa Detroit pa 16 Meyi, ku Cleveland pa 21 Juni, ku Davenport m'chigawo cha Iowa pa 20 Julayi, ndi ku Wildwood m'chigawo cha New Jersey pa 23 Julayi. M'matepi amenewo mudatuluka nyimbo 16 pa mbale ziŵiri, zonse zotengedwa m'zimbale zitatu zija. Panalibe nyimbo yatsopano ngakhale imodzi.

Alive! chidakwera kufika pa nambala 9, ndipo chaka chisanathe chidalandira ulemu wa chimbale cha golide. Nyimbo ya "Rock and Roll All Nite", imene idalekera pa nambala 68 pamene idatuluka ya m'situdiyo, idafika pa nambala 12 itamveka pamodzi ndi mfuu wa khamu. Kampani idapulumuka. Tisunge mfundo imeneyi, pakuti tidzaifunanso: nyimbo zinali zomwe zija, oimba omwe aja. Chidaonjezedwa ndi anthu omvera, ndipo anthu omverawo ndiwo amene dziko lidagula.

Zimene khutu limamva

Chimbale chimayamba gulu lisanaimbe. Timamva kaye mkokomo wa anthu, kenaka mau a wolengeza, kenaka kuphulika, ndipo nyimbo ya "Deuce" imatigwera ngati matalala padenga la malata. Amene adazoloŵera kuimva pa chimbale cha 1974 amazindikira msanga kuti apa ili ndi liŵiro ndi ukali umene kumeneko inalibe. "Strutter" imatsatira popanda kupuma. Mbale yoyamba yonse idakonzedwa kuti womvera asapeze mpata wokhala pansi ndi kuganiza.

Tinene chilungamo pa za luso la oimbaŵa, chifukwa olemba za nyimbo a nthaŵi imeneyo ambiri adaŵanyoza mopitirira muyeso. Frehley sanali wothamangitsa zala monga ena amene adadza pambuyo pake. Iye ankaimba timau tochepa, akukoka nsambo ndi kuzinjenjemeretsa, kotero kuti zimene gitala yake imanena munthu angathe kuziimba ndi pakamwa. M'nyimbo za "Parasite" ndi "She" luso limeneli limamveka bwino, ndipo oimba magitala ambiri a mbadwo wotsatira, monga Dimebag Darrell wa gulu la Pantera ndi Mike McCready wa Pearl Jam, adanena poyera kuti Frehley ndiye adaŵakopa kuti agwire gitala. Criss adakula akusirira Gene Krupa, woimba ng'oma wa nyimbo za jazz, ndipo nchifukwa chake ng'oma zake zimavinitsa m'malo mongogunda. Simmons ali ndi mau okhakhala, Stanley mau okwera ndi oŵala, ndipo kusinthana kwa aŵiriŵa kumateteza chimbale kuti chisatopetse.

Koma pali malo amene mbale imalephera kusenza zimene holo idasenza. Kumapeto kwa "Firehouse" kumalira belu la galimoto yozimitsa moto, ndipo khamu limakuwa mwadzidzidzi. Amene anali m'holo adaona Simmons akuuzira moto. Ife timangomva mfuu wopanda chifukwa chake. "100,000 Years", imene m'situdiyo inali ya mphindi zitatu ndi pang'ono, apa imatenga mphindi pafupifupi 12, ndipo gawo lalikulu ndi ng'oma zokhazokha. Kwa womvera wa pakhomo gawo limeneli ndi lalitali kwambiri. Chimene chimalipulumutsa ndi pamene Stanley ayamba kulankhula ndi anthu, iye akuponya mau iwo akuvomera, mpaka holo yonse isanduka woimba mmodzi. Pamenepo timazindikira kuti mwini chimbale ndi khamu.

Nyimbo imene ife tikuiyesa yopambana zonse ndi "Black Diamond". Imayamba mwakachetechete ndi mau a Stanley, kenaka Criss amaitenga ndi mau ake osasa, ndipo imasimba za mkazi amene amapeza chakudya poyendayenda m'miseu ya mzinda usiku. Ndi malo okhawo m'mbale zonse ziŵiri pamene chisoni chimaloledwa kuloŵa, ndipo chikaloŵa timaona kuti anyamataŵa akadafuna akadatha kunena zozama kuposa zimene adasankha kunena.

Ntchito ya m'situdiyo

Matepi aja atachoka kumaholo adapita nao ku Electric Lady Studios ku New York, situdiyo imene idamangidwira Hendrix. Kumeneko kudapezeka vuto. Anthu amene akudumpha ndi nsapato za gogoda pakati pa utsi ndi zophulika saimba molongosoka. Mau ankathaŵa maikolofoni, zala zinkaphonya nsambo, magitala ankasokonekera machunidwe. Motero oimbawo adaloŵa m'situdiyo naimbanso malo olakwika, ndipo mfuu wa khamu udakwezedwa ndi kuikidwa pamene udafunika. Ngakhale chithunzi cha pachikuto, chimene chimaoneka ngati chidajambulidwa zinthu zili pakati, Fin Costello adachijambula mwapadera m'holo ya Michigan Palace ku Detroit, oimbawo atachita kuimira kamera.

Kwa zaka zambiri zimenezi zinali mphekesera chabe. M'buku la moyo wake la 2001, Simmons adakana kuti chimbalecho chidakonzedwa kwambiri, ngakhale adavomera kuti mau ena ndi magitala ena adaŵakhudzako. Mu 2003, pa pologalamu ya wailesi ya kanema ya VH1 yosimba mbiri ya chimbalechi, zidamveka poyera kuti kukonzako kunali kwakukulu ndithu. Malinga ndi zimene zanenedwa kaŵirikaŵiri kuchokera pamenepo, ng'oma za Criss ndizo zidatsala monga zidajambulidwira m'holo.

Eni ake ali ndi yankho, ndipo tiyenera kulimva lonse tisanagamule. Iwo amati cholinga chinali chakuti wogula chimbale amve zimene munthu wa m'holo adamva mumtima. M'holo diso limakhululukira khutu: gitala ikaphonya pamene moto ukuyaka, palibe amazindikira, ndipo kuphonyako kumapita ndi mphepo. Pa mbale kuphonya komweko kumabwerera nthaŵi iliyonse imene singano idutsapo, mpaka kumakula kuposa m'mene kudaliri usikuwo. Choncho tepi yosakhudzidwa nayonso ingathe kunama, chifukwa imasunga zolakwa nkutaya moto. Tionjezepo kuti palibe kujambula kopanda kusankha. Woika maikolofoni wasankha kale chimene chidzamveke, ndipo wophatikiza usiku unai kukhala usiku umodzi wapanga kale chinthu chimene palibe munthu adachiona.

Mfundo zimenezi nzolemera, ndipo tikuzivomereza mpaka pena. Ena amaonjeza kuti magulu ambiri adachita chimodzimodzi, monga Thin Lizzy pa chimbale cha Live and Dangerous mu 1978 ndi Judas Priest pa Unleashed in the East mu 1979. Izi nzoona, koma kuchuluka kwa ochita chinthu sikuchiyeretsa. Ndipo njira ina inalipo: gulu la The Who potulutsa Live at Leeds mu 1970 lidasiya kuthetheka kwa mawaya kukumveka, nkulemba pa mbale pomwepo kuti wina asakukonze.

Malire ali pati?

Ife tikuona masitepe atatu. Loyamba ndi kusankha: mwa mausiku anai kutengapo pamene nyimbo idaimbidwa bwino koposa. Apa palibe mlandu, pakuti mboni iliyonse imasankha. Lachiŵiri ndi kukonza: chinthu chidachitikadi pamaso pa anthu, koma pamene chidapunduka pakuongoledwa. Izi zingaloledwe ngati wogula wauzidwa. Lachitatu ndi kupeka: kuonetsa ngati chidachitika chinthu chimene sichidachitike. A Kiss adafika pa sitepe imeneyi ndi chimbale cha Alive II mu 1977, pamene nyimbo zina zidajambulidwa popanda omvera, mfuu wa anthu nkuchita kuumatapo pambuyo pake. Alive! cha 1975 chili pa sitepe yachiŵiri, phazi limodzi litayamba kale kufunafuna yachitatu.

Mlandu wake woyamba tsono ndi kukhala chete. Mau ochepa pachikuto onena kuti zina zidaimbidwanso m'situdiyo akadakwanira, ndipo sitikukhulupirira kuti akadachepetsa malonda. Mnyamata amene adasunga ndalama zake nagula mbale ziŵirizi ankakhulupirira kuti akumva usiku weniweni, ndipo ena adakhala maola ambiri akuyesa kutsanzira pa gitala zimene ankaganiza kuti munthu adaziimba akudumpha pakati pa moto. Adapimidwa ndi muyeso umene eni ake omwe sadaukwanitse. Kumeneko ndi kulakwira munthu amene wakukhulupirira, ngakhale kulakwako kukhale kochepa.

Mlandu wachiŵiri ndi wobisika, koma kwa ife ndi waukulu. Anyamata anaiŵa adabisa nkhope zao ndi utoto, ndipo atatu mwa iwo adasinthanso maina ao. Chimene chikadatsala chosonyeza kuti kuseri kwa chiŵanda ndi mphaka kuli anthu otopa, angongole, amene akulimbana kuti gulu lao lisafe, kunali kupuma kwao kwa befu ndi kuphonya kwa zala zao. Nachonso adachifufuta. Zotsatira zake ndi chimbale chimene chimanena zoona za khamu koma chimabisa zoona za oimba. Timamva m'mene anthu a m'holo adaŵaonera anaiwo, ngati zimphona zosalakwa. Sitimva m'mene anaiwo analiri.

Anthu a m'holo

Popeza khamu ndilo mwini chimbale, tifunse kuti anali anthu otani. Usiku wa ku Cobo Hall, holo ya anthu pafupifupi 12,000, udachitika patangopita masabata aŵiri mzinda wa Saigon utagwa pa 30 Epulo 1975, kutha kwa nkhondo imene idadya anyamata a ku America oposa 58,000. Pulezidenti Nixon adali atatula pansi udindo mwamanyazi mu Ogasiti 1974. M'mwezi wa Meyi womwewo anthu 9 mwa 100 alionse ofuna ntchito ku America analibe ntchito, ndipo ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto, zinthu zidaipa koposa mitengo ya mafuta itakwera mu 1973. Ambiri mwa amene timaŵamva akukuwa anali achinyamata a m'mabanja a anthu ogwira ntchito zamanja, amene akuluakulu ao analibe chabwino choŵalonjeza.

Kuchikuto chakumbuyo kuli chithunzi cha anyamata aŵiri atanyamula nsalu imene adajambulapo okha nkhope zinai za oimbawo, kumbuyo kwao holo ikudzaza. Kwa ife chithunzi chimenecho ndicho choona koposa zonse pa chimbalechi. Chaka chomwecho achinyamata a ku Terre Haute m'chigawo cha Indiana adadzitcha Kiss Army nakakamiza wailesi ya kwao kuti iziika nyimbo za gululi, ndipo mu Okutobala tauni yaing'ono ya Cadillac ku Michigan idalandira oimbawo ngati alendo olemekezeka a sukulu yao ya sekondale. Achinyamataŵa ankafuna kuŵerengedwa ndi kulankhulidwa nao, ndipo Stanley ankalankhula nao ngati anthu ofunika. Njala imeneyo inali yeniyeni, ndipo amene amainyoza sadaimvetse.

Alaliki ena ku America adafalitsa mbiri yakuti dzina la Kiss ndi chidule cha mau otanthauza asilikali otumikira Satana. Oimbawo adakana, ndipo chiyambi cha dzinalo nchodziŵika: Criss adatchula kuti adaimbapo m'gulu lotchedwa Lips, ndiye kuti milomo, Stanley nkupereka dzina lotanthauza kupsompsona. Chiŵanda cha Simmons chidachokera m'mabuku a zithunzi a ana ndi m'mafilimu oopseza amene ankaŵakonda ali mwana. Otsutsawo adathamangira utoto nkusiya mau a nyimbo, kumene kuli vuto lenileni. Kupatula "Black Diamond", pafupifupi nyimbo zonse zimazungulira pa chilakolako ndi chisangalalo cha usiku umodzi, ndipo mkazi amaonekamo ngati chinthu chosakidwa kapena chopsereza, osati munthu wokhala ndi mau ake. Mwambo umenewu magulu a glam metal adaulandira naukuza.

"Cold Gin" ndi chitsanzo choŵaŵa. Isanayambe, Stanley amacheza ndi khamu za mitundu ya zakumwa zaukali, anthu nkumakuwa mokondwa. Woimba nyimboyo ndi Simmons, munthu amene amadziŵika kuti samwa moŵa. Woipeka ndi Frehley, amene moŵa udamsautsa zaka zambiri ndipo udathandiza kumchotsa m'gululo. Wosamwa ankaitanira ana a eni ku botolo, wakumwa akumira mwakachetechete pambali pake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Khamu lidasonkhanitsidwa, lidapatsidwa liu limodzi lamphamvu, ndipo litakonzeka kunena chilichonse lidangopemphedwa kulonjeza kuti lidzachezera kusangalala.

Chigoba ndi mwini wake

Sitinganene kuti utoto uja unali chinyengo chokhachokha. Stanley, amene dzina lake lobadwa nalo ndi Stanley Eisen, adabadwa ndi khutu lakumanja losakula bwino ndi losamva, ndipo ali mwana anzake ankamseka. Simmons adabadwira ku Haifa mu 1949 ndi dzina la Chaim Witz. Mai ake, Myuda wa ku Hungary, adapulumuka m'ndende za chipani cha Nazi, ndipo mwanayo adafika ku New York ali ndi zaka 8 osadziŵa Chingerezi. Kwa anthu otere chigoba chinali mpata woimirira pamaso pa zikwi popanda mantha, ndipo mwana wonyozeka wa m'holo ankatha kudziona mwa iwo.

Koma chigoba chidakula kuposa ovala. Criss adachoka mu 1980, Frehley mu 1982. Anai oyamba aja adabwererana navalanso utoto mu 1996, koma mgwirizanowo sudakhalitse, ndipo mu 2001 Eric Singer adavala nkhope ya mphaka, mu 2002 Tommy Thayer navala ya mlendo wa kuthambo. Maholo adapitirira kudzaza. Kwathu kuno timadziŵa kuti chilombo cha gule sichikalamba, mibadwo imapita icho chilipobe. Koma chimenecho ndi cha mudzi, ndipo chimatuluka ndi mwambo ndi chilangizo. Nkhope za Kiss ndi katundu wolembetsedwa, wokhala ndi mwini ndi mtengo. Pa 2 Disembala 2023, potsiriza ulendo wao wotsanzika ku Madison Square Garden ku New York, oimbawo atatsika pansanja padaonetsedwa zithunzi zao zoyenda zopangidwa pa kompyuta, ndipo kudalengezedwa kuti zimenezo ndizo zidzapitiriza ntchito. Mu Epulo 2024 kampani ya ku Sweden ya Pophouse idagula nyimbo, dzina ndi nkhope za gululi. Frehley adamwalira pa 16 Okutobala 2025.

Ife tikuganiza kuti njira yopita ku zithunzi za pa kompyutazo idayambira ku Electric Lady mu 1975. Tsiku limene adagwirizana kuti kuphonya kungachotsedwe popanda kuuza munthu, adavomereza mosazindikira kuti wophonyayo nayenso angachotsedwe. Chithunzi cha pa kompyuta sichitopa ndipo sichiphonya nsambo, koma dzina la chimbale chija, lotanthauza chamoyo, silingachikhale.

Pomaliza

Kodi tsono Alive! nchoyenera kuchimvera? Inde. Mwa zimbale zojambulidwa pamaso pa anthu, ndi zoŵerengeka zimene zimasunga kutentha kwa khamu monga ichi, ndipo wofuna kudziŵa chimene chidakopa achinyamata a ku America m'zaka zimenezo, ndi chifukwa chake glam metal idagonjetsa mawailesi zaka khumi pambuyo pake, ayambire pamenepa. Achimvere akudziŵa kuti ng'oma ndi za usikuwo, khamu linalipodi ngakhale mfuu wake udakwezedwa, ndipo zina mwa zotsalazo zidasokedwa masana m'chipinda chotseka.

Munthu uja wobwera ku gule tidzapitiriza kumkhululukira akakuza chiŵerengero cha anthu ndi kudumpha pamene ng'oma idaphonya. Chimene tingampemphe nchakuti tikamfunsa maso ndi maso ngati zonse zidayenda monga wanenera, asatidikiritse zaka 28 asanatiuze pamene adasokapo. Ndipo ife amene timasimbira ena, tidzifunse kuti mwa masitepe atatu aja taima pa liti.